Momwe mungasonkhanitsire zithunzi zoonetsa luso lanu potengera ojambula amene mumawasirira

Munthu wofuna kukupatsani ntchito yojambula safunsa kaye mtundu wa kamera yanu, koma amafuna kuona zithunzi zochepa zosankhidwa bwino, zomwe ojambula amazitcha portfolio. Ambiri amene angoyamba kumene amakhala ndi zithunzi zambirimbiri, koma akauzidwa kuti aonetse khumi zokha amasowa pogwira, chifukwa chithunzi chilichonse chimaoneka ngati chinajambulidwa ndi munthu wina.

Yambani ndi kusankha ojambula awiri kapena atatu okha, ndipo pa chithunzi chawo chilichonse dzifunseni kuti wojambulayo anaima pati, kuwala kunachokera mbali iti, komanso anadikira chiyani asanadine batani. Chofunika kutenga kwa iwo ndi kaganizidwe kawo, osati chithunzi chenichenicho. Seydou Keïta, wojambula wa ku Mali amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948, ankajambula anthu pabwalo pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, atapachika nsalu yamaluwamaluwa kumbuyo kwawo, ndipo ankawabwereka wailesi, wotchi kapena njinga yamoto kuti ajambulitse nazo. Wongokopera angathamangire kukagula nsalu yofanana ndi imeneyo, koma phunziro lenileni ndi lakuti Keïta ankalola munthu kuoneka mmene mwiniwakeyo ankafunira kuti anzake amuone. Choncho musanatulutse kamera, chezani naye kaye munthuyo, mumve zimene amanyadira.

Mukamajambula nkhope, khazikani munthu pamthunzi kapena pafupi ndi windo, chifukwa dzuwa la masana limasiya mdima m'maso ndi pansi pa mphuno. Lunjikitsani kamera pa diso limene lili pafupi nanu, ndipo yezani kuwala pa nkhope osati pa khoma, makamaka ngati munthu wa khungu lakuda waima kutsogolo kwa chinthu choyera. Kutsegula kwambiri bowo la lenzi lolowera kuwala, monga pa f/2.8, kumachititsa kuti zakumbuyo zisaoneke bwinobwino, nkhope yokha n'kutsala pamtunda.

Zithunzi zamumsewu zimafuna kudekha kwa mtundu wina. Henri Cartier-Bresson, mmodzi mwa amene anayambitsa bungwe la ojambula lotchedwa Magnum Photos mu 1947, anajambula zithunzi zake zambiri ndi kamera yaing'ono ya Leica ndi lenzi ya 50mm. Pa chithunzi chake cha mu 1932, chojambulidwa kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris, mwamuna ali m'malere podumpha madzi, chidendene chake chatsala pang'onong'ono kukhudza chithunzithunzi chake cha m'madzimo. Kuti muphunzire zimenezi, pezani kaye malo amene kuwala kukugwa bwino, chepetsani bowo la lenzi kufika pa f/8, liwiro lojambulira likhale 1/250 ya sekondi kapena kuposerapo, kenako imani pomwepo mpaka munthu woyenera adutse. Vivian Maier, yemwe ankagwira ntchito yolera ana ku Chicago, ankajambula ndi Rolleiflex, kamera yogwirira pamimba woijambulira akuyang'ana pansi, motero anthu sankadzidzimuka. Ngati sikirini ya kamera yanu imapendekeka, mukhoza kuyesa njira yomweyo.

Malamulo okhudza kujambula anthu pagulu amasiyana dziko ndi dziko, kotero afufuzeni musanayambe. Ulemu wokha susiyana: munthu akakana, tsitsani kamera, ana musawajambule popanda chilolezo cha makolo awo, ndipo chithunzi chimene mudzatsatsire malonda chimafunika chilolezo cholembedwa.

Kenako dziikireni lamulo kwa miyezi itatu, monga lenzi imodzi, msewu umodzi, ndi nthawi imodzi ya tsiku. Zimatopetsa ndithu, koma n'zimene zimachititsa kuti zithunzi zanu ziyambe kuoneka ngati za banja limodzi.

Gawo lopweteka kwambiri, lomwenso ambiri amalithawa, ndi kusankha. Wojambula wina, Robert Frank, atazungulira dziko la America anajambula zithunzi pafupifupi 27,000, koma m'buku lake lomwe linatuluka mu 1958 munalowa 83 zokha. Inu mukufunika zithunzi 15 kapena 20 basi. Zisiyeni kaye milungu ingapo osaziona, chifukwa chithunzi chimene munachivutikira pamvula mumachikonda kaamba ka mavutowo, pomwe wochiona sadziwa n'komwe kuti kunagwa mvula. Mukatero tsukitsani zithunzi zing'onozing'ono pafupifupi 50, muziyale pansi, n'kuyamba kuchotsa. Ziwiri zikafanana, chimodzi chichoke. Chimene munthu wodziwa angachione n'kutchula dzina la Keïta kapena la Cartier-Bresson asanaganize za inu, chichokenso, ngakhale chikhale chokongola chotani, popeza ntchito yake inali yokuphunzitsani.

Zotsalazo zisanjeni kuti china chizitsogolera ku chinzake: choyamba chikhale champhamvu kwambiri, zankhope zikhale mbali yake ndi zamumsewu mbali yake, ndipo musasakanize zamitundu ndi zakuda ndi zoyera popanda chifukwa. Zionetseni kwa wojambula mnzanu amene saopa kukukhumudwitsani, osati kwa achibale amene amayamikira chilichonse. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani malo ndi chaka, mafayilo oyambirira muwasunge pawiri, ndipo mukadzajambula chithunzi chabwino koposa, musachiwonjezere pamwamba pa zinazo koma chilowe m'malo mwa chimene chili chofooka kwambiri.