Mmene mungazindikirire wodwala diastolic heart failure

Pa matendawa mtima umafinya bwino ndithu, koma umalephera kumasuka. Chipinda chamanzere cha m'munsi cha mtima chimauma, ndiko kuti chimalimba osatamuka, magazi amavutika kulowamo, ndiye madzi amadzadza m'mapapo. N'chifukwa chake eko (sikani yoonera mtima) imatha kuonetsa ejection fraction (gawo la magazi limene mtima umatulutsa ukafinya) yabwinobwino, ya 50% kapena kuposa, pamene munthu akubanika. Musamubweze pomuuza kuti mtima wake uli bwino.

Kawirikawiri amakhala wachikulire, makamaka amayi, amene wakhala ndi BP zaka zambiri. Funsani za shuga ndi impso, muonenso ngati ndi wonenepa kwambiri. Ambiri amangoti ndi ukalamba, choncho funsani mwachindunji: "Agogo, mumagonera mapilo angati? Mumadzidzimuka usiku chifukwa cha phuma? Mukakwera kachitunda mumaima kangati?"

Mugonekeni chotsamira pa madigiri 45 muone ngati mitsempha ya m'khosi yafufuma. Mverani m'munsi mwa mapapo, dinani akakolo, kuti muone ngati muli madzi.

Pa kugunda kwa mtima pamafunika chidwi chachikulu. Mtima wouma umasowa nthawi yokwanira kuti udzadze. Ukayamba kugunda mothamanga ndi mosalongosoka, monga pa atrial fibrillation, nthawiyo imachepa, chipinda cha m'mwamba chimalekanso kukankha magazi, ndipo amene dzulo amayenda yekha lero akhoza kubwera atanyamulidwa. Jambulani ECG, yoonetsa kagundidwe ka mtima, nthawi yomweyo.

Pa eko yang'anani khoma la mtima lokhuthala ndi chipinda chamanzere cha m'mwamba chokula. NT-proBNP (chizindikiro cha m'magazi chosonyeza kuti mtima ukuvutika) yofika 125 pg/mL kapena kuposa imalimbikitsa ganizo la matendawa, koma kwa onenepa imatha kutsika ngakhale matenda alipo. Musaiwale zina zofanana nawo: kuchepa kwa magazi, valavu ya mitral (kachitseko ka pakati pa zipinda zamanzere za mtima) yopanikizika, ndi TB ya kathumba kokuta mtima, imene kuno kwathu si yachilendo.

Furosemide amachotsa madzi, koma mukapyoza mlingo mtima wouma umasowa magazi odzadzira, BP imagwa, munthu amachita chizungulire ndipo impso zimavutika. Empagliflozin kapena dapagliflozin, 10 mg patsiku, amachepetsa kugonekedwa m'chipatala. Diclofenac ndi ibuprofen amasunga madzi m'thupi, ndipo achikulire ambiri amawagula okha chifukwa cha mawondo, ndiye afunseni. Odwalawa achepetse mchere, azikwera sikelo m'mawa uliwonse, ndipo akawonjezera makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu abwerere kuchipatala.