Mmene mungadandaulire za phokoso la ambulansi usiku

Anthu okhala pafupi ndi zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe amadziwa kuti sairini ikalira pakati pa usiku, ana amadzidzimuka ndipo okalamba sapezanso tulo. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma liyenera kukafika kwa oyenera.

Choyamba, muzilemba tsiku, nthawi, nambala ya galimoto ndi msewu umene yadutsa, chifukwa akuluakulu savomera msanga mawu akuti "imasokosa nthawi zonse" popanda umboni. Kenako gwirizanani ndi anansi anu kudzera kwa mfumu kapena khansala wa m'dera lanu kuti kalata ikhale imodzi. Ngati ndi ambulansi, kalatayo ipite kwa oyang'anira chipatala. Ngati ndi galimoto yozimitsa moto, ipite ku khonsolo ya mzinda.

M'kalatamo musapemphe kuti sairini ithetsedwe, pakuti mayi amene akutaya magazi pobereka sangadikire. Pemphani kuti madalaivala aziyatsa nyali zokha usiku pamene mumsewu mulibe anthu, ndiponso kuti aleke kuliza sairini ngati sakuthamangira wodwala. Musatseke msewu ndi miyala kapena kumanga zitunda panokha, chifukwa zimenezo zimachedwetsa thandizo.