Mmene mungafufuzire chimene chalakwika zinthu zikakukanikani

Mayeso akakuvutani, malonda akagwa kapena ntchito imene munaikonzekera ikapanda kuyenda, musayambe kufufuza tsiku lomwelo. Mtima ukamawawa, munthu amangodziona wopanda pake kapena amaloza chala anzake. Dikirani masiku awiri, koma sabata isathe, chifukwa tinthu ting'onoting'ono timaiwalika msanga.

Kenako tengani pepala muyankhe mafunso anayi amene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970 pounika ntchito ikatha. Timafuna kuti pachitike chiyani? Nanga pachitika chiyani? Kusiyanaku kwabwera bwanji? Ulendo wina tidzatani?

Pa funso lachiwiri lembani zooneka ndi zowerengeka zokha. "Ndine waulesi" si yankho, chifukwa simungalikonze. "Pa mitu 10 ndinawerenga 6" ndilo yankho.

Ntchito yaikulu ili pa funso lachitatu. Kampani ya Toyota inatchukitsa njira yofunsa kuti "chifukwa chiyani" mpaka kasanu, yankho lililonse likubala funso lina. Chifukwa chiyani mitu 4 inatsala? Nthawi inandithera. Chifukwa chiyani? Ndinayamba kutatsala milungu itatu. Chifukwa chiyani? Ndinalibe ndandanda, ndinkawerenga ndikapeza mpata. Apa imani, mwafika pa chinthu chimene manja anu angachisinthe. Ambiri amaimira pa yankho loyamba, ndiye amalonjeza "kulimbikira" n'kudzagweranso pomwepo. Mafunso akakufikitsani pa matenda kapena china chimene simukanachiletsa, chilembeni pambali, musadziimbe nacho mlandu.

Chenjerani ndi mawu akuti "ndinkadziwa kale". Mu 1975 katswiri wa maganizo a anthu, Baruch Fischhoff, anasonyeza kuti munthu akadziwa mmene nkhani yathera, amaona ngati mathero ake anali odziwikiratu. Choncho weruzani chisankho chanu potengera zimene munkadziwa pa nthawiyo. Nthawi zina chisankho chimakhala chabwino koma zotsatira n'kuipa, ndipo kuchitaya n'kulakwitsa kawiri.

Pa funso lomaliza sankhani chinthu chimodzi, osati zisanu. Chilembeni motchula nthawi ndi malo: "Ikakwana 7 koloko madzulo, ndikhala patebulo ndi mutu umodzi kwa mphindi 40." Patsani munthu amene mumamukhulupirira pepalalo awerenge, popeza amaona zimene inu mwazilumpha. Pakatha milungu iwiri libwerereni muone ngati mwachitadi. Ngati ayi, chepetsani mphindizo kufika 20 n'kuyesanso.