Mukawonjezera batire pa inverter, magetsi akhala maola angati?

Kuno ku Joni load shedding idachepa poyerekeza ndi 2023, koma magetsi amathimabe. Mawaya a City Power, kampani ya magetsi ya mzinda uno, akabedwa, dera lonse limagona mumdima mpaka mawa. Ambiri tikuthamangira kugula batire lachiwiri la inverter, makina osandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, koma musanatulutse marandi, tengani pepala ndi cholembera.

Yambani ndi batire lomwe muli nalo. Pambali pake pamalembedwa manambala awiri, monga 12V (mavoti) ndi 100Ah (kukula kwa batire). Achulukitseni: 12 × 100 = 1200Wh. Imeneyi ndi mphamvu yonse yomwe batire limasunga, koma simungaigwiritse ntchito yonse. Batire la lead-acid kapena gel silifunika kutsika kupitirira theka, apo ayi limafa msanga, ndiye mwatsala ndi 600Wh. La lithium limalola kugwiritsa ntchito mpaka 80 kapena 90 peresenti ya mphamvu yake. Inverter nayo imadyapo pafupifupi 15 peresenti posandutsa magetsiwo kukhala 230V, choncho 600 × 0.85 = 510Wh.

Kenako werengani mawati a zomwe mumayatsa. Amalembedwa kumbuyo kwa chipangizo chilichonse. Tinene TV ya 60W, rauta ya WiFi ya 10W ndi mababu atatu a LED a 10W lililonse, zonse 100W. Gawani 510 ndi 100, mupeza maola asanu. Ketulo, mbaula yamagetsi ndi ayironi musaziike n'komwe pa inverter, chifukwa ketulo yokha imakoka pafupifupi 2000W.

Mukawonjezera batire lina lofanana, 510Wh ija imakhala 1020Wh, maola khumi. Ngati inverter yanu ndi ya 12V, lumikizani pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi: ma Ah amaphatikizana, 12V sisintha. Kulumikiza pulasi ya lina ku mainasi ya linzake kumapereka 24V, zomwe zingawotche inverter ya 12V. Dziwaninso kuti mwawonjezera maola okha. Inverter ya 1000W sinyamula katundu woposa pamenepo ngakhale muike mabatire anayi.

Pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi ndi pa chaja. Mabatire awiri akatsika theka, amafunika kubwezeredwa 100Ah. Chaja ya 10A imatenga maola opitirira khumi, ndipo magetsi akathimanso madzulo omwewo, mabatire amayamba ntchito asanadzaze. Zikamachitika kawirikawiri, a lead-acid amafooka, ndipo maola khumi munawerengera aja simuwaonanso. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuyang'ana kaye m'kabuku ka inverter kuti chaja yake imapereka ma amp angati. Pa mabatire awiri a 100Ah, ya 20A ndiyo yoyenera.

Chonde musaphatikize batire lakale kwambiri ndi latsopano, kapena lithium ndi lead-acid, chifukwa lofooka limakokera pansi linzake. Mawaya olumikizira akhale onenepa, otalika mofanana, ndipo paikidwe fyuzi pafupi ndi batire. Mukamaliza, tchajani mpaka adzaze, zimitsani magetsi a m'khoma, muyatse zipangizo zija n'kuyang'ana wotchi. Maola akachepa kwambiri poyerekeza ndi a papepala, mwina batire loyamba lija latopa, kaliyezetseni.