Momwe mungapangire kakomiki kanu osadikira kampani yosindikiza mabuku

Mu 1968 ku San Francisco, wojambula makomiki Robert Crumb anatulutsa komiki yotchedwa Zap Comix nkumagulitsa yekha mumsewu ataika mabukuwo mukangolo koyendetsera mwana. Nthawi imeneyo makomiki ambiri a ku America amadutsa kaye ku Comics Code Authority, bungwe lomwe linayamba mu 1954 nkumaletsa zolaula ndi zina zonse zomwe ati zingaononge ana. Crumb ndi anzake anangolambalala, mpaka amalemba dala kuti "comix" ndi x m'malo mwa "comics". Inunso mutha, chofunika ndi mapepala, inki yakuda, stepula ndi mashini a fotokope basi.

Choyamba, nkhani ikhale yaifupi. Mapeji 8 akwana, zoti muyambe ndi mapeji 100 ndiye mudzagwa ulesi pa peji 12.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene ambiri amaphonya, musanajambule kalikonse tengani mapepala awiri a A4, muwasanjikize nkupinda pakati ngati kabuku, kenako lembani manambala 1 mpaka 8 peji iliyonse. Mukawamasula muona kuti peji 8 yakhala pambali pa 1, kuseri kwake kuli 2 ndi 7, pepala linalo 6 ndi 3, kuseri 4 ndi 5. Jambulani motsatira zimenezo, apo ayi nkhani idzatuluka mutu uli kumiyendo. Mukafuna kuonjezera mapeji muzionjezera anayi anayi.

Kenako jambulani ndi pensulo nkudutsitsa inki pamwamba. Mthunzi wa pensulo fotokope siimaugwira bwino, umazimiririka kapena kutuluka ngati litsiro, ndiye mthunzi muzipanga ndi timizere. Siyani sentimita imodzi m'mphepete monse poti mashini amadula. Mawu lembani kaye kenako muwazungulize ndi kabwalo, osati kuyamba kabwaloko nkumapanikiziramo mawu.

Pokopa yambani ndi kope imodzi yokha ya mbali zonse ziwiri, pindani muwerenge. Zikakhala bwino ndiye kopani 30 kapena 50.

Stepula wamba safika pakati, koma musadandaule. Mutambasuleni, ikani labala pansi pa mzere wopindawo, dinani, kenako tizitsuloto mupinde ndi chala.

Kugawa kwake nkwapamanja, ena mugulitse, ena musinthane ndi ojambula anzanu, umu ndi momwe anthu a zoterezi amadziwanirana kuyambira kale. Kumbuyo lembani dzina lanu (lopeka lilibe vuto), chaka ndi nambala 1, anthu azikufunsani kuti nambala 2 ituluka liti.