Kusakaniza mawu a mvula pa foni kuti mupeze tulo

Wina wa ku Chikanda, ku Zomba, wafunsa kuti atani, poti nyimbo za m'mabala zimamusowetsa tulo.

Pangani dawunilodi pulogalamu ya pa foni yotchedwa A Soft Murmur pa Play Store, makamaka muli pa Wi-Fi kuti bandulo isathe. Mukatsegula muona mvula, mabingu, mafunde ndi mphepo, chilichonse chili ndi pokwezera pake. Yambani ndi mvula yokha, muikweze kufika pakati. Kenako onjezerani kamphepo, ngati kaja ka pa Ku Chawe madzulo. Mabingu akhale pansi kwambiri, chifukwa akagunda mwadzidzidzi amadzutsa munthu. Kwa ine mawu atatu ndi okwanira, akachuluka amasokoneza mutu.

Tcherani timer, yomwe imazimitsa mawuwo nthawi ikakwana, pa mphindi 45 kuti batire isathe usiku. Ngati mwavala mahedifoni, musakweze kwambiri, makutu amawonongeka.