Muziyamba kuyeserera jazz musanayatse backing track

Anzanga amene mukuphunzira jazz pa gitala, ngati simutha kuyamba kuimba popanda kuyatsa pulogalamu ngati iReal Pro kapena Band-in-a-Box yokuimbirani backing track (zida zina zokuperekezani), yesani kugawa nthawi yanu pawiri, ndipo gawo loyambalo muziimba nokha.

Backing track imabisa zolakwa. Bass ndi piyano zimakhala zikuimba makodi (chords) onse, ndiye ngakhale musochere pa bar ya 9, khutu limamvabe ngati zonse zili bwino. Tsiku loti mwaizimitsa m'pamene mumazindikira kuti simudziwa pomwe muli m'nyimbomo.

Tengani blues ya mabar 12 mu F. Metronome (kachipangizo kogunda mosunga liwiro) muiike pa liwiro lochepa, izigunda pa beat ya 2 ndi ya 4 pokha ngati hi-hat ya woimba ng'oma. Poyamba imbani manotsi awiri okha pa kodi iliyonse, la 3 ndi la 7 kuwerenga kuchokera pa notsi lomwe kodiyo yatengako dzina, chifukwa ndi amene amasiyanitsa major, minor ndi dominant. Mwachitsanzo pa ii-V-I mu C (makodi a Dm7, G7 ndi Cmaj7 motsatizana), C wa Dm7 amatsikira pa B wa G7, kenako F wa G7 n'kutsikira pa E wa Cmaj7. Mukazolowera, yambani solo yodutsa m'manotsi omwewa. Dzijambuleni pa foni n'kumvetsera. Ngati makodi akumveka kusintha inu muli nokhanokha, ndiye kuti zikutheka.

Pulogalamu ija muziyatsa kumapeto, makamaka poyesa liwiro lalikulu kapena kiyi yosazolowera. Apo imathandizadi. Mu iReal Pro tsitsani voliyumu ya piyano, musiye bass ndi ng'oma basi.